Kokamva Mbiri Kapena Kokachita Tsembwe? Kuyerekeza Njira Zoyendera Malo Akale Amene Amati Kuli Mizukwa

Linga, ndende kapena nyumba yachifumu imene munafera munthu wotchuka siisowa mzukwa wake. Alonda amati anauona, alendo amati anamva kuzizira kumsana, ndipo ogulitsa matikiti satsutsa. Mukafuna kukayendera malo otere mupeza kuti malo amodzi omwewo akugulitsidwa m'njira zingapo. Pali ulendo wamasana wotsogoleredwa ndi munthu wodziwa mbiri, pali ulendo wausiku wa nyali m'manja, pali kuchezera usiku wonse ndi timakina tosakira mizukwa, palinso masewero oopseza dala. Ena amangolowa okha mozemba, koma amenewo tiwafika.

Muyeso wanga ndi funso limodzi: nkhani ya mzukwawu inayamba chaka chanji? Imfa ya munthu ili ndi tsiku lake lolembedwa m'mabuku. Mzukwa wake nawo uli ndi chaka chimene unayamba kukambidwa, ndipo zaka ziwirizi nthawi zambiri zimatalikirana kwabasi. Njira yabwino ndi imene imakuuzani zonse ziwiri.

Masana, ndi wodziwa mbiri

Chitsanzo chabwino ndi linga la Tower of London ku England. Nsanja yake yapakati, White Tower, inayamba kumangidwa cha m'ma 1078 mu ulamuliro wa William the Conqueror. Otsogolera alendo kumeneko ndi a Yeoman Warders, azibambo ndi azimayi ovala zabuluu woderako ndi zofiira aja, ndipo munthu salembedwa ntchito imeneyi asanagwire usilikali zaka 22. Amakhala m'kati mwa lingalo ndi mabanja awo. Choncho akamakamba za mizukwa amakhala akukamba za pakhomo pawo, ndipo ambiri amaikamba moseka.

Mzukwa wotchuka kuposa yonse ndi wa Anne Boleyn, mkazi wachiwiri wa Mfumu Henry VIII, amene amati amayendayenda wopanda mutu pafupi ndi tchalitchi cha St Peter ad Vincula. Mbiri yake njotsimikizika: anamudula mutu pa 19 Meyi 1536, ndi lupanga, wodulayo anachita kumuitanitsa kuchokera ku Calais, ndipo anamuika m'tchalitchi chomwecho. Wotsogolera wabwino adzakuuzaninso chinthu chimene chimakhumudwitsa okonda zoopsa: anthu amene anadulidwa mitu m'kati mwa linga ndi ochepa chabe. Ochuluka, oposa 100, anaphedwera kunja pa Tower Hill, khamu la anthu likuonerera.

Nkhani imene imandigwira mtima pamalowa ndi ya ana awiri achifumu, Edward V wa zaka 12 ndi mng'ono wake Richard wa zaka 9, amene anasowa mu 1483 ali m'manja mwa mbale wa bambo awo amene anadzakhala Mfumu Richard III. Mu 1674 amisiri akugumula masitepe anapeza mafupa a ana awiri. Anakawaika ku Westminster Abbey mu 1678, ndipo madokotala anawaunika mu 1933. Amati ana awiri ovala zogonera zoyera amaoneka atagwirana manja. Kunena zoona, bokosi la mafupa pansi pa masitepe limandiimitsa tsitsi kuposa ana ovala zoyerawo.

Kuipa kwa njira yamasana ndi chigulu. Mumayenda mothinana, ana akulira, mafoni ali m'mwamba, wotsogolera akubwereza nthabwala imene wainena kale kasanu tsiku limenelo. Dzuwa likuswa mtengo palibe angachite tsembwe. Wofuna kulawako mdima popanda kunamizidwa asungitse malo pa mwambo wotseka zipata wotchedwa Ceremony of the Keys, umene umayamba 9:53 usiku uliwonse ndipo wakhala ukuchitika zaka pafupifupi 700. Kujambula n'koletsedwa. Mumangoima phee, nyali imodzi ikubwera, nsapato za asilikali zikugunda pamiyala, mlonda n'kufuula kufunsa kuti akubwerayo ndani. Matikiti ake amatha msanga.

Usiku, ndi nyali m'manja

Likulu la njira imeneyi ndi mzinda wa Edinburgh ku Scotland, ndipo ndi kumene funso langa lija limagwira ntchito kwambiri.

Tengani Mary King's Close, kamsewu kopapatiza kamene tsopano kali pansi pa nthaka. Kanatchedwa dzina la mayi wina wamasiye wogulitsa nsalu amene ankakhala pamenepo m'zaka za m'ma 1630. Mu 1645 mliri unasesa mzindawo. Nthano imene inafala ndi yakuti akuluakulu a mzinda anatseka kamsewuko ndi njerwa odwala ali m'kati, n'kuwasiya afe. Sizinachitike. Odwala ankawatsekera m'nyumba zawo, nsalu yoyera ikulendewera pazenera ngati chizindikiro, ndipo ankawabweretsera chakudya. Dokotala wa mliri George Rae ankalowa m'nyumbazo atavala chikopa thupi lonse ndi chophimba nkhope cha mlomo ngati wa mbalame. Kamsewuko kanakwiririka patapita zaka zoposa 100, pamene anayamba kumanga nyumba yamalonda ya Royal Exchange pamwamba pake mu 1753, ndipo munthu womaliza anasamukamo mu 1902.

Ndiye pali kachipinda ka Annie. Mukalowa, pakona pali mulu wa zidole: zimbalangondo za nsalu zotuwa ndi fumbi, zidole za pulasitiki za tsitsi lanyankhalala, mikanda, timakobiri. Zonsezi amasiya ndi alendo. Chiyambi chake ndi 1992, pamene Aiko Gibo, mayi wa ku Japan amene ankati amalankhula ndi akufa, anafika ndi ojambula za pa TV n'kunena kuti wamva kamtsikana kakulira chifukwa kanataya chidole chake. Anakagula chidole n'kuchisiya pamenepo. Annie sapezeka m'kaundula aliyense wa nthawi ya mliri. Mliri ndi wa 1645, Annie ndi wa 1992. Komabe sindingaseke munthu wosiya chidole pamulupo, pakuti ana enieni anafa m'timisewu timeneti ndipo maina awo palibe akuwakumbuka.

Ku manda a Greyfriars nkhani ndi yomweyo, koma yolemera kwambiri. Mu 1679, nkhondo ya ku Bothwell Bridge itatha, anthu pafupifupi 1,200 a gulu la Covenanters, amene ankakana kuti mfumu ilamulire mpingo wawo, anawatsekera pabwalo lopanda denga m'mbali mwa mandawo. Ena anafa, ena analumbira kugonjera mfumu n'kumasulidwa. Otsala 257 anawakweza sitima kuti akawagulitse kutsidya la nyanja, ndipo sitimayo inasweka ku zilumba za Orkney mu Disembala chaka chomwecho, anthu pafupifupi 200 n'kumira. Amene ankawazenga milandu anali George Mackenzie, ndipo atamwalira mu 1691 anaikidwa m'manda omwewo. Lero amati mzukwa wake umakanda ndi kukomola alendo. Mbiri ya kukandako inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, munthu wina wosowa pogona atathyola chiliza chake usiku pofuna pousa mvula. Zaka 300 mzukwa uli chete, n'kudzalusa nthawi imene maulendo ausiku ayamba kupanga ndalama.

Ubwino wa ulendo wausiku sindingaukane. Anthu amakhala ochepa, mzinda uli zii, ndipo otsogolera ambiri ndi akatswiri a zisudzo odziwa kukoka mawu ndi kudukiza pamalo pake. Mumaona mmene kamsewu kankaonekera magetsi kulibe. Koma makampani amasiyana kwambiri. Ena amalekanitsa bwino zolembedwa ndi zongokambidwa. Ena amasakaniza, mwinanso kulemba ganyu munthu woti abisale pakona n'kukudumphirani. Safunsa anadya phula: musanalipire funsani ngati pali wodumphira anthu, makamaka ngati muli ndi ana kapena munthu wa vuto la mtima. Ngati muli ndi masiku awiri, yambani ndi ulendo wamasana. Usiku mudzatha kusiyanitsa nokha pamene wotsogolera wasiya mbiri n'kuyamba kuthira mchere.

Kuchezera ndi timakina

Apa mumalipira kwambiri, mumagona pang'ono kapena osagona n'komwe, ndipo mbiri mumamva yochepetsetsa. Gulu limalowa cha m'ma 9 koloko usiku n'kutuluka m'bandakucha. Amakupatsani kamakina koyeza mphamvu ya maginito kotchedwa EMF meter, choyezera kutentha, chojambulira mawu, ndi kawailesi kamene kamadumphadumpha masiteshoni mofulumira kuti mumve ngati wakufa aponyamo liwu. Timakinati si tabodza, timayezadi zimene tinapangidwira. EMF meter imaphethira ikayandikira waya wa magetsi m'khoma kapena foni ya mnzanu m'thumba. Zoti kuphethirako ndi mzukwa amanena ndi mwini ulendo.

Akatswiri anayesapo kufufuza zimene anthu amamva m'malo otere. Richard Wiseman, katswiri wa kaganizidwe ka munthu, anachita kafukufuku ku nyumba yachifumu ya Hampton Court mu 2000 ndi m'zipinda zapansi pa South Bridge ku Edinburgh mu 2001. Anthu mazanamazana anayenda m'malowo n'kulemba pamene anamva zachilendo. Chodabwitsa n'chakuti ambiri analozadi malo omwe amatchuka ndi mizukwa. Koma malo amenewo anapezekanso kuti akusiyana ndi ena pa zinthu zoyezeka, monga kuwala, kukula kwa chipinda ndi kusinthasintha kwa maginito. Ku Hampton Court komweko kuli khonde limene amati Catherine Howard, mkazi wachisanu wa Henry VIII, amathamangamo akukuwa kupempha chifundo monga anachitira mu 1541. Kuphedwa kwake mu 1542 n'koona. Za kuthamangazo zinatchuka m'zaka za m'ma 1800.

Palinso nkhani ya Vic Tandy, injiniya wa ku England, amene ankaona chinthu chotuwa m'mbali mwa diso ndi kumva nthumanzi akamagwira ntchito usiku. Tsiku lina anapanikiza lupanga lake lamasewero pa chopanira zitsulo n'kuona likunjenjemera lokha. Atafufuza anapeza fani yatsopano imene inkatulutsa phokoso lotsika kwambiri, pafupifupi 19 Hz, limene khutu silimva koma thupi limalimva. Atakonza faniyo mzukwa unasamuka. Analemba zimenezi mu 1998. Ina yoopsa kuposa apa inasindikizidwa mu 1921 m'magazini ya madokotala a maso ku America: banja lina linkamva mapazi usiku, kuona anthu achilendo m'zipinda ndi kudzuka lofooka, kumachita ngati wina wawakhalira pachifuwa. Gwero lake linali ng'anjo yotenthetsera nyumba imene inkatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Wogona m'nyumba yakale imene aliyense akudwala mutu ndi kuona zinthu asafune wosaka mizukwa, atsegule mazenera n'kutuluka.

Njirayi ndi ya munthu amene akufuna kucheza ndi anzake mumdima ndi kuyesa mtima wake. Pamenepo imakwanira. Wofuna kudziwa amene anakhala m'nyumbamo adzabwerako ndi tulo tokhatokha.

Zoopseza dala

Mwina mudabwa, koma njira iyi ndimailemekeza kuposa ya timakina, chifukwa siinama. Mukudziwa kuti wokuthamangitsaniyo ndi munthu wolipidwa.

Ndende ya Eastern State Penitentiary ku Philadelphia, ku America, inatsegulidwa mu 1829. John Haviland anaijambula ngati gudumu, makonde akuchokera pakati ngati masipoko. Mkaidi aliyense ankakhala yekha maola 23 pa tsiku m'chipinda chokhala ndi kazenera kamodzi kudenga, ndipo akamamutulutsa ankamuveka chisaka kumutu kuti asaone mnzake. Oyambitsa ake ankakhulupirira kuti munthu akakhala chete yekha adzalapa. Ambiri anangozungulira mutu. Dongosololi linathetsedwa mu 1913, chigawenga chotchuka Al Capone anakhalamo miyezi ingapo kuyambira mu 1929, ndipo ndendeyo inatsekedwa mu 1971 n'kusanduka bwinja, mitengo kumera m'zipinda. Kuyambira mu 1991 amachititsamo masewero oopseza a nyengo ya Halloween, ndipo ndalama zake n'zimene zathandiza kukonza madenga. Masana malo omwewo amaphunzitsa za kuchuluka kwa akaidi ku America lero. Funso limatsalabe loti kodi n'koyenera kukuwa mosangalala m'chipinda chimene munthu anapengeramo. Aliyense adziyankhe, koma ine ndingapite masana.

Nyumba ya Winchester Mystery House ku San Jose, ku America komweko, ndiitchula mongodutsa. Zipinda 160, masitepe othera kudenga, zitseko zotsegukira pakhoma. Amati mwini wake, Sarah Winchester, ankamanga osalekeza pothawa mizimu ya anthu ophedwa ndi mfuti za kampani ya banja la mwamuna wake. Palibe kalata yake imene imanena zimenezo, chivomezi cha 1906 chinagwetsa mbali ina ya nyumbayo n'kusiya zambiri zosalongosoka, ndipo nyumbayo inatsegulidwa kwa alendo olipira mu 1923, patangopita miyezi mwini wake atamwalira.

Kulowa wekha mozemba

Ayi. Pansi pa Paris pali mafupa a anthu pafupifupi 6 miliyoni, amene anayamba kuwasamutsira m'migodi yakale ya miyala m'zaka za m'ma 1780 manda a Innocents atadzaza. Gawo lololedwa ndi la makilomita 1.5: mumatsika masitepe 131, kukwera 112, ndipo kumazizira madigiri 14 chaka chonse. Kupitirira apo kuli ngalande za makilomita mazana, ndipo kulowamo n'koletsedwa kuyambira mu 1955. Philibert Aspairt, mlonda wa pachipata cha chipatala cha Val-de-Grâce, analowamo mu 1793. Anamupeza mu 1804, ndipo anamuika pomwepo. Ku Bhangarh Fort ku Rajasthan, chikwangwani cha boma chimaletsa kulowa dzuwa likalowa, ndipo anthu amachitenga ngati umboni wakuti boma la India limavomereza za mizukwa. Malowo ali m'malire a nkhalango ya Sariska, kumene kuli akambuku, ndipo mabwinjawo alibe magetsi.

Kumene mizukwa siigulitsidwa

Mukamaliza kumva nkhani zonsezi mudzaona kuti mizukwa yotchuka ndi ya mabwana: mfumukazi, bwanamkubwa, wozenga milandu, mayi wolemera. Ku Castle of Good Hope ku Cape Town zimenezi zimaonekera poyera. Lingali linamangidwa ndi kampani ya Adatchi ya VOC kuyambira 1666 mpaka 1679, ndipo mwa omanga ake munali akapolo. Muli chipinda chamdima chotchedwa Donker Gat mmene ankatsekeramo anthu, ndipo mfumu ya Azulu Cetshwayo inasungidwa m'lingali itagonjetsedwa mu 1879. Koma mizukwa imene imatchulidwa ndi maina ndi ya Lady Anne Barnard, mkazi wa mkulu wina wa boma la Angelezi, amene amati amaonekera pa madansi, ndi ya bwanamkubwa Pieter van Noodt, amene anamwalira mwadzidzidzi pa 23 Epulo 1729, tsiku lomwe asilikali amene anawagamula kuti afe ananyongedwa. Amati mmodzi wa iwo anamutemberera asanafe. Amene anasenza miyala ya makomawo alibe mzukwa wa dzina.

N'chifukwa chake njira yomaliza ndimaiika payokha, ndipo munthu akandifunsa imodzi yokha yoti asankhe ndimatchula imeneyi. Ku Ghana kuli malinga awiri amene ankasungiramo akapolo asanawakweze sitima: Elmina, limene Apwitikizi anamanga mu 1482, Adatchi n'kulilanda mu 1637, ndi Cape Coast Castle, limene linakhala likulu la Angelezi pa gombelo kuyambira m'zaka za m'ma 1660. Ngati kuchuluka kwa imfa zowawa ndiko kumabala mizukwa, malo awiriwa akanaposa London ndi Edinburgh kuphatikiza pamodzi. Koma simudzapezako wodumphira anthu pakona kapena kamakina kophethira. Mawu oyenera kumeneko si mizukwa, ndi mizimu, ndipo mzimu suusaka ndi tochi.

Ku Elmina amakuimikani pabwalo la akazi n'kukulozerani khonde lam'mwamba pamene bwanamkubwa ankaima posankha mkazi woti amukwezere kuchipinda chake. Amakuonetsani kachipinda kopanda zenera, pamwamba pa chitseko pali chithunzi cha chigaza ndi mafupa, mmene ankatsekeramo oukira mpaka afe. Ku Cape Coast mumatsetsereka kulowa m'ndende ya amuna, mmene ankaunjikamo anthu mazanamazana nthawi imodzi kudikira sitima kwa milungu kapena miyezi. Pamwamba penipeni pa ndendeyo panali tchalitchi cha Angelezi. Pansi pamene mwapondapo si njerwa: ndi zonyansa za anthu, magazi ndi dothi zimene zinaunjikana n'kuuma gwa, ndipo pamene akatswiri anapalapo kuti njerwa zioneke mumaona kusiyana kwa msinkhu ndi maso anu. Kumapeto kuli kachisi wa Nana Tabir, ndipo m'mbali mwa khoma muli nkhata za maluwa zimene amasiya zidzukulu za otengedwawo, zochokera ku America ndi ku Caribbean. Barack Obama anafika pamenepa ndi banja lake mu Julayi 2009.

Ulendo wake ndi wamasana, wa ola limodzi kapena kupitirirapo pang'ono, ndipo suthera pa mzukwa wa munthu mmodzi. Umathera pa khomo lotulukira kunyanja lotchedwa Door of No Return, limene kuseri kwake lero kuli mabwato a asodzi ndi ana akusewera pamchenga. Ngati muli ndi ana aang'ono ganizirani kawiri, ndipo ngati simupuma bwino m'malo othina muuzeni wotsogolera musanatsike. Otsogolera ambiri akafika nanu m'kati mwa ndende amapempha kuti aliyense akhale chete, kenako amazimitsa babu. Kumatsala kabowo kamodzi m'mwamba mwa khoma, fungo la chinyezi, ndi mkokomo wa nyanja kuseri kwa miyala. Sipatha mphindi imodzi asanayatsenso.